Chitsime Chokumba ndi Pakamwa

Ine ndinakwatiwa ndi munthu wa nkhani. Anzanga ena anapeza zidakwa, ena anapeza osachedwa kukweza dzanja, koma ine anandigwera wa pakamwa. Sindikudandaula. Pa amuna onse amene anabwera pa chikamwini m'mudzi mwathu kwa Mwambo zaka zimenezo, anga okha ndi amene ankatha kundiseketsa ndili ndi matope a m'sikimu ya mpunga mpaka m'mawondo.

Asanabwere kwathu, amuna angawo ankaphika kwa mzungu wina wophunzitsa m'tauni ya Zomba. Sukulu analekezera Fomu 2, ndiye Chingerezi ankachimva kuposa mmene bwana wawoyo ankaganizira. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira katebulo kopinda miyendo ndi kathumba ka madayisi. Osati madayisi a ludo amene ana amaponya masiku ano. Awa anali a mbali zambirimbiri, ena osongoka, ena obulungira, oonekera mkati ngati maswiti. Mayi anga atawaona koyamba anangoti, “Abisike amenewo, mwana angameze.” Nthawi imeneyo mantha awo ankathera pomwepo.

Masewera ake ankayenda chonchi. Munthu mmodzi amakhala wofotokoza. Iyeyo ndiye dziko, ndiye mvula, ndiye adani, ndiye aliyense amene mwakumana naye panjira. Enawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nkhanimo n'kukhala iyeyo, n'kumanena chimene akufuna kuchita. Chikakhala chovuta, monga kuwoloka mtsinje wodzaza kapena kuombera chilombo, amaponya dayisi, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo imagamula ngati watha kapena walephera. Azungu ankasewera zimenezi kunyumba kwa bwana uja, amuna anga ataima pakhomo ndi thireyi m'manja, tiyi n'kumazizira. Masewera onsewo anawaba ndi makutu.

Nkhani yake inali ya asilikali ogonekedwa mu ayezi. Akuti anthu ena anzeru anaoneratu kuti kukubwera nkhondo ya mabomba yotha dziko lonse. Ndiye anasankha asilikali n'kuwagoneka m'mabokosi ozizira pansi pa nthaka, monga amasungira nyama m'firiji, koma amoyo. Pangano linali lakuti nkhondo ikatha, likulu lidzawadzutsa pa wailesi kuti akathandize otsala kumanganso dziko. Koma likululo nalo linaphulitsidwa, ndipo panalibe wowadzutsa. Anagona, anagona, mpaka makina anatopa okha n'kuwatsegulira, pamene ngakhale zidzukulu za zidzukulu zawo zinali zitaikidwa kalekale.

Ine ayezi ndinali nditangomuona m'firiji ya palafini ya kuchipatala, kupatula matalala. Ndinafunsa kuti munthu angagone bwanji mmenemo osafa. Amuna anga anati, “Mayi, mukayamba mafunso amenewo nkhani ithera pompano. Ingovomerani.” Ndinavomera.

Osewera tinali atatu. Oyamba anali achimwene anga, amene ndinawaponda pamutu, msodzi wa ku Chilwa wokwatira kutsidya kwa mtsinje wa Likangala. Iwo anatenga Sajeni, mtsogoleri wa gulu, osayamba afunsa munthu. Wachiwiri anali mnansi wathu wotsegula madzi m'ngalande za sikimu, munthu wamantha, amene anasankha kukhala Dalaivala poganiza kuti zikavuta adzathawa ndi galimoto. Ine ndinalowa ndi mkamwa. Ndinkapeta mpunga chapafupi n'kumalowerera kuti, “Osatsegula chitseko chimenecho, mwapenga kodi?” Achimwene atatopa nane anati, “Alamu, mpatseni munthu wake uyu, watisokosa.” Ndiye ndinakhala Dotolo wa gululo. Amayi a m'mudzi anandinena kuti ndakhala pabwalo la amuna. Ndinawasiya anene, pakamwa ndi pawo.

Tinkasewera Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi, pakhonde, poyera. M'nyumba sitikanayerekeza. Masiku amenewo amuna akatseka chitseko dzuwa lili pamutu, mawa lake achinyamata a chipani ankabwera kudzafunsa kuti mumakambirana chiyani chosafuna anthu. Ndiye amuna anga ankati, “Tisewere poti aliyense aone, pasakhale wotiganizira.” Ankadziona ochenjera pamenepo. Ankasamalanso kuti m'nkhani mwawo musatchulidwe boma kapena mtsogoleri, ndipo dzikolo ankati ndi la kutali. La kutali lanji? Asilikali aja atatuluka m'dzenje anapeza nyanja itauma, dothi litang'aluka, mabwato atavundikirika pamtunda, ndi phiri lalikulu kumadzulo. Tonsefe tinaiona Chilwa itauma tili ana, tikuyenda ndi mapazi pamene makolo athu ankaponya makoka. Tinkadziwa bwinobwino kumene tili.

Zinali zokoma, ndisaname. Lamulungu lililonse achimwene ankayamba ndi kutola chitsononkho, kuchiika pakamwa ngati wailesi, n'kumaitana ndi mawu aakulu, “Likulu, likulu, muno ndi Sajeni, mukundimva?” Amuna anga ankangoyankha ndi mpweya wa m'mano, shiii, basi. Poyamba tinkaseka. Patapita miyezi tinasiya kuseka, chifukwa achimwene ankaitanabe, ndipo nkhope yawo inkagwa zenizeni. Tsiku lina Dalaivala anapempha kuti gulu lidzere kumudzi kwawo akaone ana ake. Amuna anga anamufotokozera kuti wapeza mkuyu waukulu utamera pamene panali chipinda chake chogona, ndipo anthu okhala pamenepo sakulidziwa dzina lake ngakhale la mtundu wake. Bambo uja, mwamuna wa ndevu zake, analira misozi pakhonde panga. Anthu anayamba kubwera kudzaonerera, amayi ndi ana kumsana, madoda ndi timipando tawo. Ena ankabwera nsima ili kukhosi kuopa kupeza asilikali atanyamuka.

Ndinene za amalume anga, chifukwa ndiwo anali eni mbumba, ndipo iwowo sankawafuna amuna anga kuyambira tsiku loyamba. Kwathu mkamwini amakhala pamudzi ndi khasu lake. Nyumba amamanga yekha koma dothi si lake, ana amabereka koma ndi a kuchikazi, ndipo tsiku limene eni mudzi atopa naye amatenga bulangete lake n'kuona msewu. Tsono amuna anga khasu linkawakana. Ankadziwa kuphika keke mumphika, koma mzere wa mpunga akawokera unkachita kukhota ngati njira ya woledzera. Amalume ankati tinatola mkamwini wa m'khitchini. Chimene chinkawasunga amuna anga pamudzipo anali achimwene. Awiriwo ankakondana kuposa abale a mimba imodzi, ankanyozana zachilamu mpaka misozi ya chimwemwe, ndipo achimwene akabwera kuchokera kunyanja nsomba yaikulu inkayamba yafika kwa alamu awo isanafike kwa mayi. Achimwene anati pamaso pa amalume, “Alamu awa ndi anga. Amene akuwafuna adzere kwa ine.” Ukwati wanga unatsamira pa mawu amenewo, ndipo ine ndinkadziwa.

Lamulungu limene ndikufuna kunena linali la kumayambiriro kwa dzinja, mbande za mpunga zitakula m'nazale. Anthu anadzaza pabwalo. M'nkhanimo asilikali anali pakati pa nyanja youma ija, galimoto itafa, madzi akumwa atatha.

“Mwafika pa chitsime,” amuna anga anatero. “Chili ndi chivundikiro cha chitsulo. Madzi ake ndi oyera, ozizira. Koma pozungulira palibe udzu, palibe phazi la mbalame.”

Ine monga Dotolo ndinati, “Asamwe munthu. Tiyambe tawiritsa.”

“Nkhuni uzitenga kuti pakati pa nyanja?” achimwene anatero. “Iwe Dotolo umangotichedwetsa. Sajeni akumwa.”

Amuna anga anawayang'ana. “Alamu, mwatsimikiza?”

“Ndamwa kale. Pano ndikupukuta pakamwa.”

Anawapatsa dayisi, achimwene anaponya, ndipo inatuluka nambala yaing'ono. Amuna anga anayamba kufotokoza, ndipo pofotokoza analibe mnzawo. Anati m'mimba mwa Sajeni mwayamba kupota, akutsegula madzi okhaokha, akusanza, miyendo ikukokana, maso alowa mkati. Achimwene anagwira pamimba n'kumagudubuka pa mphasa, anthu kufa nako kuseka. Kenako amuna anga anatembenukira kwa ine. “Mayi, ndinu Dotolo. Ponyani. Ikatuluka yaikulu mwawapulumutsa.”

Ndinaipemerera, ndinaikhutchumula m'manja, ndinaponya. Inadumpha pa katebulo, inagwa pansi, n'kukaima pafupi ndi mtondo. Mnansi uja anathamangira kukaona. Inali wani.

Amuna anga anafuna kuwapulumutsa, zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Anati, “Yagwera pansi, sitiwerengera. Ponyaninso, mayi.” Koma achimwene anadzuka pa mphasa n'kukana. “Ayi, alamu, musandinyengerere ngati mwana. Yatuluka yatuluka. Nenani mawu ake.”

Amuna anga anati, “Alamu, mwafa.”

Ananena mokweza, mudzi wonse ukumva. Achimwene anadzigwetsa chagada n'kuwongola miyendo, manja m'mbali. Mnansi uja anavula chipewa n'kuyambitsa nyimbo ya maliro ya kutchalitchi, ndi besi yake yonse. Ena anayamba kuvomera akuseka. Mayi anga anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja, ndipo sindinawaonepo atakwiya chotero. Anawamenya achimwene paphewa. “Dzuka. Malaulo anji amenewa pakhomo panga? Mukuitana chiyani?” Nyimbo inaduka. Anthu anatola timipando tawo n'kumabalalika osatsanzika.

Achimwene sanazitengere. Pokwera njinga yawo ankasekabe, n'kuuza amuna anga kuti Lamulungu likubweralo awakonzere munthu wina watsopano, wa mfuti yaikulu kuposa ya Sajeni. M'kati mwa sabata imeneyo analowa m'nyanja. Asodzi a ku Chilwa akalowa sabwerako tsiku lomwelo. Amakhala m'zimbowera, timisasa tomanga pa udzu woyandama, ndipo madzi amene amamwa ndi omwewo amene amasambamo ndi kudzithandiziramo. Chaka chimenecho kolera analowa m'zimbowera. Anzawo anawapalasira kumtunda atagona pansi pa bwato, akutsegula madzi okhaokha, akusanza, miyendo ikukokana, maso atalowa mkati. Anamwalirira pa machira asanafike kuchipatala. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mpaka lero ndimafunsa, kodi amuna anga akanafotokoza bwanji imfa ya madzi oipa? Mwana aliyense wobadwira m'mbali mwa Chilwa amadziwa mmene madzi amaphera munthu. Sanalosere kanthu. Ananena zimene tonse tinaziona kwa anansi athu zaka ndi zaka. Ndipo sabata yomweyo m'zimbowera munafa asodzi ena amene sanagwirepo dayisi chibadwire. Koma amenewo anali ana a eni ake. Wathu anali mmodzi, ndipo mudzi wonse unamva mkamwini akumuuza kuti wafa.

Mwina maliro akanayenda mwa mwambo mitima ikanaphwa. Koma maliro a kolera si maliro. A zaumoyo anabwera ndi mankhwala onunkha, anakulunga thupi m'pulasitiki, ndipo analetsa kusambitsa, kuona nkhope, kugona pa siwa ngakhale kuphika. Tinaika tsiku lomwelo mothamanga ngati tikubisa chakuba. Mayi anga sanamugwire mwana wawo ngakhale chala. Amuna anga analira kumanda kuposa ine, mpaka kugwada m'matope, ndipo ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'ona kuti, “Taonani, chikumupweteka chimene wachita.” Akanapanda kulira akanatinso taonani mtima wa mfiti. Kwathu munthu sangofa.

Masiku otsatira pakhomo pathu panazizira. Odutsa ankayang'ana kumbali. Mayi anasiya kulandira chilichonse chochoka m'nyumba mwanga, ngakhale mchere. Amalume, mkulu wa mpingo wolalikira za mafano Lamulungu lililonse, anasowa pamudzi masiku angapo, ndipo aliyense ankadziwa kuti apita kukaombeza. Mnansi uja, amene anayambitsa nyimbo ya maliro ndi pakamwa pake, anayamba kuuza anthu kuti iye ankangoyendetsa galimoto, za madayisi sankazimvetsa, ndipo kuyambira kale thupi linkamuchita tsembwe akawagwira. Galu wa munthu. Ankatsuka mbale zanga ndi lilime Lamulungu lililonse.

Amalume atabwerako anaitanitsa ankhoswe. Ine ndinawauza amuna anga kuti, “Bambo, kathumba kameneko katayeni m'chimbudzi. Akakufunsani mukane. Munene kuti inali nthano ya azungu, munkangobwereza zimene munamva, simunaikemo lanu ngakhale limodzi.”

“Ndinamize anthu chifukwa chiyani, mayi? Palibe chimene ndalakwa. Ndikawaonetsa mmene timasewerera amvetsa.”

Ndinawakonda bambo amene uja, koma tsiku limenelo ndikanatha kuwaphwanya mutu ndi munsi.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mayi. Kuchimuna kunabwera akulu awo a amuna anga kuchokera ku Thyolo, munthu wofatsa amene anangokhala chipewa pabondo. Amuna anga anabwera ndi katebulo kawo, anakatambasula, n'kukhuthulirapo madayisi. Azakhali ena anasuntha mphasa yawo kubwerera m'mbuyo.

Amalume sanakalipe. Anafunsa mofatsa, ngati akufunsa mwana wa kalasi ya ubatizo.

“Timiyala timeneti mukaponya, timanena zimene zichitike?”

“M'nkhani mokha, apongozi.”

“Ndiye kuti timanena. Nanga woombeza maula amachita chiyani chosiyana ndi chimenechi?”

“Woombeza amanena za anthu enieni. Ife timanena za anthu opeka.”

“Munati Sajeni wafa, kapena munati alamu mwafa?”

Amuna anga anayankha kuti, “Ndinati alamu.”

“Chitsime chija, amene anachiika panjira ya mwana wathu ndani? Timiyalati?”

Ndinawaponda phazi amuna anga pansi pa katebulo. Sanandiyang'ane n'komwe.

“Ndine. Wofotokoza ndi amene amakonza njira.”

“Munachikonza liti?”

“M'kati mwa sabata, ndili kumunda.”

“Madzi ake amene anawaipitsa ndani?”

“Ndine, apongozi, koma m'nkhani. Ndinaikapo zizindikiro kuti asamwe. Ndinati palibe udzu, palibe mbalame. Ndinkafuna kuti Dotolo awaletse.”

Mayi anayamba kulira chapansipansi. Amalume anatembenukira kwa akulu awo a amuna anga n'kutambasula manja. “Mwamva nokha. Sitinamumenye, sitinamumwetse kanthu.”

Pamenepo ine ndinaimirira, ngakhale mkazi saimirira pa nkhani ya ankhoswe. Ndinati, “Amalume, dayisi yomaliza ndinaponya ndine. Dzanja ili. Bambo awa anafuna kuti ndiponyenso, achimwene ndi amene anakana, ndipo theka la anthu muli panonu munaona. Ngati timiyalati timapha, wapha ndine. Ndithamangitseni ineyo.”

“Khala pansi,” amalume anatero. “Mwana wathu sangaphe mlongo wake. Mwamunayu anangobwereka dzanja lako.”

Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kuuza munthu wamkulu. Ndinatchula asodzi ena aja amene anafa. Ndinafunsa ngati woombeza wawoyo anamva za kolera. Zonse zinangopita ndi mphepo. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine ndinali fupa lawo, ndiye mlandu sukanandikhudza ngakhale ndinkaupempha ndi manja awiri. Unkafuna mlendo.

Akulu awo a amuna anga anayesa kunena kuti nkhani ya ufiti boma silivomereza, ndipo akhoza kukadandaula kukhoti. Amalume anagwedeza mutu ngati akugwirizana nazo. “Pitani. Ifenso tikauza apampando a chipani kuti pakhomo pano pamakambidwa za asilikali obisala pansi pa nthaka, odikira kuti dziko ligwe adzalamulire. Mboni ndi mudzi wonse.” Masiku amenewo munthu ankatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo abale ake sankafunsa kumene wapita. Akulu aja anavala chipewa chawo n'kunena kuti, “Tamva. Tinyamuka mawa.”

Amuna anga ananyamuka m'mawa, ine ndikuwamangira ufa ndi matemba m'kansalu. Anatenga njinga ndi bulangete. Katebulo amalume anakawotcha, madayisi anakawataya m'Likangala. Ana athu awiri anatsala, poti ana ndi a kuchikazi. Wamkulu anawathamangira bambo ake mpaka pa mlatho wa ngalande, ndipo anthu anachita kukamutenga. Ine ndinawauza kuti, “Bambo, ndikakolola mpunga ndikubwera. Mukapeze nyumba.” Anangogwedeza mutu.

Dzinja limenelo ndinalima ndekha, ndinawokera ndekha, ndinapirikitsa mbalame ndekha, uku ndikuphikira mayi amene sankandilankhula. Ndinkalira achimwene, ndinkalira amuna anga, ndipo sindinkaloledwa kulira onse awiri pamalo amodzi. Ndikatchula achimwene pamaso pa mayi ankati, “Usamutchule, iwe wokonda womupha.” Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti puloti ya mpunga ndiisiya, mudzi ndiusiya, ana ndidzawaba ngati kuli kofunika. Nditakolola ndinauza mayi kuti ndikupita kuchipatala chachikulu ku Zomba, ndipo ndinakwera basi ya ku Limbe, kenako ya ku Thyolo.

Ndinawapeza pa esiteti ina ya tiyi, akuphikira antchito phala ndi nyemba m'migolo yodula pakati. Anali ataonda, khosi litatalika. Anandilandira mwaulemu ngati mlendo wa kumpingo, anandipatsa mpando, anafunsa za ana mmodzimmodzi. Kenako anangokhala. Munthu amene ankatha kupanga nkhani kuchokera pa nkhuku yodutsa pabwalo anangokhala, manja pakati pa mawondo. Mnzawo wa m'khitchinimo anandiuza kuti pa esiteti ponse ankawadziwa ngati bambo osalankhula.

Ndinati, “Ndabwera, bambo. Nyumba ili kuti? Ana ndikawatenga mwezi wa mawa.”

“Bwererani, mayi.”

Ndinaganiza kuti apeza mkazi wina. Ndinafunsa kuti ndi ndani, wothyola tiyi uti, ndikamuone. Anapukusa mutu.

“Palibe munthu. Koma ndakhala ndikuganiza. Pa zinthu zonse zimene ndikanaika panjira paja, bwanji ndinaika chitsime? Ndikanaika mkango. Ndikanaika achifwamba. Chinandiuza kuti chitsime n'chiyani?”

“Chinakuuzani ndi Chilwa. Munakhala m'mbali mwa nyanja imeneyo zaka zonsezi, mukanaika chiyani? Bambo, inu ndi amene munkaseka za ufiti. Amalume akulowani m'mutu?”

“Sindikuti ndine mfiti. Sindinapite kwa munthu, sindinadye kanthu. Koma ndinanena, ndipo zinachitika, mmene ndinanenera momwemo.” Anayang'ana pansi. “Ndipo nkhani ija ndinali nditaikonza kale mpaka kutsogolo. Ndinkadziwa zimene Dotolo akakumane nazo kutsidya kwa nyanja. Zili m'mutu muno mpaka pano, sizikuchoka. Ndikakhala nanu nyumba imodzi, tsiku lina ndidzazinena, kaya kutulo, kaya titakangana.”

Mantha awo anali enieni. Amalume anangowachotsa pamudzi. Izi zinazi amuna anga anadzichita okha, pa miyezi imene anakhala opanda wowatsutsa, ndipo ine ndinali kutali ndikupirikitsa mbalame. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinawakumbutsa kuti dayisi ndinaponya ndine. Ndinawauza kuti anene zimene Dotolo akakumane nazozo pompo, ndimve, tione ngati ndigwe. Anatseka pakamwa ndi dzanja ngati mwana.

Pomaliza ndinagwada patsogolo pawo, pa simenti ya khitchini ya eni ake, antchito akutiyang'ana pawindo. Ndinati, “Chabwino, bambo. Tivomere kuti pakamwa panu pali mphamvu. Ndiye nenani zabwino. Nenani kuti ine ndi inu tikalamba limodzi, ana athu akula tikuwaona. Mawu ochepa okhawo. Ngati zimene mumanena zimachitika, nenani zimenezo.”

Ndinadikira. Milomo yawo inagwedezeka, ndipo ndinaona kuti akufuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu.

Anati, “Basi ya ku Limbe imadutsa dzuwa likapendeka, mayi. Ingakusiyeni.”

Anandiperekeza mpaka pamsewu atandinyamulira kathumba kanga, akuyenda patsogolo pang'ono. Basi itafika anandikweza, anandipatsira kathumbako pawindo, ndipo sananene ngakhale kuti muyende bwino. Sindinawaonenso.